Nyama ikayankha molondola, yang'anani kaye amene waima pafupi nayo

Mu Seputembala 1904, anthu 13 anasonkhana pabwalo lina mumzinda wa Berlin kuti aweruze mlandu wa hatchi. Pagululo panali dokotala wa ziweto, mkulu wa malo osungirako nyama zakuthengo, katswiri wophunzitsa nyama zamasewera, aphunzitsi a sukulu ndi msilikali wa pakavalo, ndipo wowatsogolera anali pulofesa Carl Stumpf. Hatchiyo dzina lake inali Hans. Mwini wake, Wilhelm von Osten, yemwe kale ankaphunzitsa masamu, ankati inadziwa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, ngakhale kuwerenga nthawi pa wotchi. Munthu akaifunsa kuti 3 kuphatikiza 4 ndi zingati, inkagogoda pansi ndi chiboda maulendo 7 n'kusiya. Gululo linafunafuna chinyengo koma silinachipeze, ndipo linalondola, chifukwa chinyengo panalibe. Von Osten sankalipiritsa odzaonera, komanso hatchiyo inkayankhabe bwino ngakhale wofunsa akhale mlendo.

Amene anamasula mfundoyi anali wophunzira wa Stumpf, Oskar Pfungst, ndipo njira yake ndi yofunika kuitsata phazi ndi phazi chifukwa mpaka lero ndiyo muyezo. Anayamba ndi kulekanitsa mafunso amene wofunsa akudziwa yankho lake ndi amene sakulidziwa. Von Osten ankanong'oneza nambala m'khutu la hatchi, Pfungst n'kunong'onezanso yake, kenako Hans aphatikize. Pamenepo pabwalo ponse panalibe munthu wodziwa yankho. Pa mafunso amene wofunsa ankadziwa yankho, Hans anakhoza 29 mwa 31. Pa amene wofunsa sankalidziwa, anakhoza atatu okha mwa 31. Kenako anaiveka hatchiyo zotchinga m'mbali mwa maso. Inayamba kupotokola khosi kufuna kuona wofunsa, ndipo ikalephera kumuona mayankho ankabalalika. Atafika apo Pfungst anasiya kuyang'ana hatchi n'kuyamba kuyang'ana anthu. Anaona kuti munthu akangomaliza funso amawerama pang'ono kuyang'ana chiboda, ndipo kugogoda kukafika pa nambala yolondola mutu wake umadzuka pang'ono zedi, nthawi zina osakwana n'komwe milimita imodzi. Hans ankayamba kugogoda akaona kuweramako n'kusiya akaona mutu wadzuka. Pomaliza Pfungst anadzisandutsa hatchi. Anaitana anthu 25 mmodzimmodzi, kuwauza kuti aganize nambala, iye n'kumagogoda ndi dzanja maso ali pa iwo, ndipo ambiri anamuululira yankho ndi mutu osadziwa kuti akutero. Lipoti lake linatuluka mu 1907. Von Osten anamwalira mu 1909 asanavomereze.

Ine ndimaona kuti mkangano wonse wa nzeru za nyama, kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero, umazungulira pa funso la Pfungst: pamene nyama inkayankha, ndani ankadziwa yankho, ndipo kodi nyamayo inkamuona kapena kumumva? Kafukufuku amene analimbana ndi funsoli poyera wapirira. Amene analilambalala anatchuka msanga n'kugwanso msanga. Koma okonda kutchula Hans amaiwala mbali ina. Hatchi imene ikuona kugwedezeka kwa mutu kumene akatswiri 13 analephera kukuona si chitsiru. Inalephera masamu, omwe ndi mayeso a anthu, n'kupambana pa kuwerenga thupi la mnzake, luso limene nyama yoyenda pagulu imapulumukira. Dzina la Hans linasanduka chibonga chogwetsera aliyense wonena kuti nyama zimaganiza, ndipo chibongacho chinaphera limodzi zabodza ndi zoona.

Mkanganowu ndi wakale kuposa hatchiyo. Mu 1637 René Descartes analemba kuti nyama zili ngati makina, ndipo umboni wake waukulu unali chinenero: munthu ngakhale wopepera chotani amatha kulumikiza mawu n'kunena za mumtima mwake, pomwe nyama ngakhale yochenjera chotani siitha. Charles Darwin mu 1871 anatsutsa n'kunena kuti nzeru za munthu ndi za nyama zapamwamba zimasiyana kukula kokha, mtundu wake ndi umodzi. Mnzake wachinyamata George Romanes anafuna kumuthandiza mu 1882 posonkhanitsa nkhani za agalu, amphaka ndi nyerere zochenjera, zambiri zochokera m'makalata a anthu wamba. Vuto la nkhani zotere ndi lakuti mwini galu amakumbukira tsiku limene galu wake anachita chodabwitsa, koma masiku onse amene anauwa chitsa salembedwa paliponse.

C. Lloyd Morgan anali ndi galu dzina lake Tony amene ankatsegula chipata pokweza chotsekera ndi mutu. Wodutsa m'njira akanati galuyo wamvetsa kagwiridwe ka chitseko. Morgan anali ataona chiyambi chake. Galuyo ankangopisa mutu m'mipata ya mpanda kuyang'ana kumsewu, tsiku lina mutu unalowa pansi pa chotsekeracho, chipata n'kutseguka, ndipo pang'ono ndi pang'ono anazolowera. Mu 1894 Morgan anaika lamulo lakuti khalidwe la nyama lisafotokozedwe ndi nzeru zapamwamba ngati lingathe kufotokozedwa ndi zinthu zapansi monga chizolowezi. Edward Thorndike mu 1898 anatsekera amphaka anjala m'mabokosi okhala ndi chingwe kapena chopondera chotsegulira, chakudya chili panja, n'kumalemba nthawi imene mphaka aliyense watenga kuti atuluke. Nthawiyo inkachepa mwapang'onopang'ono. Mphaka akanati wazindikira chinsinsi, bwenzi ikugwa kamodzin'kamodzi. Lamulo la Morgan ndi labwino ndipo ndimagwirizana nalo. Chimene ambiri sanachiwerenge n'chakuti Morgan yemweyo anadzawonjezera kuti lamuloli sililetsa kunena za nzeru zapamwamba ngati pali umboni wina wosonyeza kuti nyamayo ili nazo. Kwa zaka zambiri akatswiri a khalidwe, makamaka ku America, ananyamula theka loyamba lokha.

Kenako inafika nyengo yolera achimpanzi ngati ana a m'nyumba. Mu 1931 banja la Kellogg linalera Gua pamodzi ndi mwana wawo Donald kwa miyezi 9. Gua sanalankhule, m'malo mwake mwanayo ndiye anayamba kutsanzira kulira kwa chimpanzi. Banja la Hayes linavutika ndi Viki kwa zaka zingapo, mpaka kumugwira milomo ndi zala, n'kupindula mawu anayi achingerezi otuluka movutikira. Apa chinalakwika ndi thupi: chimpanzi satha kulamulira mpweya, kholingo ndi lilime ngati munthu. Allen ndi Beatrix Gardner a ku Reno anaona kuti njira ndi manja, ndipo mu 1966 anayamba kuphunzitsa chimpanzi wotchedwa Washoe chinenero chamanja cha anthu osamva a ku America.

Banja la Gardner linali losamala kuposa mmene owatsutsa amanenera. Ankawerenga kuti Washoe wadziwa chizindikiro pokhapokha anthu atatu osiyana atachiona pa nthawi zosiyana, kenako chionekenso tsiku lililonse kwa masiku 15 otsatizana popanda womukumbutsa. Pomuyesa ankamuonetsa zithunzi zimene oyang'anira awiri sankaziona, ndipo aliyense ankalemba payekha chizindikiro chimene manja a Washoe apanga. Ndi muyezo umenewu anafika pa zizindikiro 132 patatha miyezi 51. Zoti chimpanzi angathe kulumikiza chizindikiro ndi chinthu, mayeso amenewa anazitsimikiza. Phokoso linabuka pa ziganizo. Nkhani yotchuka ndi ya tsiku limene Washoe anaona mbalame yaikulu pamadzi n'kupanga zizindikiro ziwiri, madzi ndi mbalame. Kodi anapeka dzina latsopano, kapena anangotchula zinthu ziwiri zimene zinali pamaso pake, madzi apo, mbalame apo? Palibe njira yosiyanitsira, chifukwa zinachitika kamodzi ndipo mboni yake inali munthu wofunitsitsa kuti likhale dzina. Ndi nkhani za Romanes zomwe zija, kungoti zavala jekete.

Herbert Terrace wa pa yunivesite ya Columbia analowa m'nkhaniyi ali wokhulupirira. Chimpanzi wake anamutcha Nim Chimpsky pofuna kunyogodola Noam Chomsky, amene ankanena kuti chinenero ndi cha anthu okha. Kuyambira 1973 mpaka 1977 Nim anaphunzira zizindikiro 125, ndipo aphunzitsi ake analemba m'makope magulu a zizindikiro oposa 19,000. Papepala zinkaoneka ngati galamala. Terrace atakhala pansi n'kuonera matepi a kanema chithunzi chimodzichimodzi, anaona zomwe Pfungst anaona: kawirikawiri mphunzitsi ankapanga chizindikirocho kamphindi kochepa Nim asanachipange. Munthu wolemba m'kope maso ake amakhala pa chimpanzi, manja ake omwe sawaona. Pa zonena za Nim za m'matepiwo, pafupifupi 12 pa 100 zokha ndi zimene anayamba yekha. Mwana wa munthu akamakula ziganizo zake zimatalika, ndipo mawu owonjezerawo amabweretsa mfundo yatsopano. Za Nim zinangoima pakati pa chizindikiro chimodzi ndi ziwiri mukatenga avereji, ndipo zikatalika kunali kubwereza. Chotalika koposa chinali cha zizindikiro 16, zonse zozungulira pa mawu asanu: patsa, lalanje, ine, idya, iwe. Mu 1979 Terrace anasindikiza zimenezi m'magazini ya Science, kudzitsutsa yekha pagulu, chinthu chimene si ofufuza ambiri amene angalimbe nacho mtima.

Omutsutsa anali ndi mfundo zawo. Nim anadutsa m'manja mwa aphunzitsi pafupifupi 60, ambiri osadziwa bwino chinenero chamanja, ndipo maphunziro ochuluka ankachitikira m'kachipinda kopanda mawindo, kofunsa ndi kupereka mphotho. Woleredwa chonchi amaphunzira kuti manja ndi opemphera lalanje basi. Komabe nkhonya inali itagwa kale. Mu 1980 Thomas Sebeok anakonza msonkhano ku New York wokhala ndi dzina la Hans pamutu pake, ndipo ndalama za kafukufuku wotere zinayamba kuuma. Koko, gorila amene Francine Patterson anayamba kumuphunzitsa mu 1972, ndiye anatchuka kuposa onse, koma umboni wake ndiwo wofooka kuposa onse. Pafupifupi zonse zimene akuti ananena zinkadutsa mwa womasulira amene ankamukonda, ndipo yankho lolakwika linkatha kufotokozedwa kuti akuseka kapena akuchita makani. Mayeso amene nyama singalephere sayeza kanthu. Za mapeto a nyamazi anthu sakonda kuzikamba: ntchito itatha, Nim anatumizidwa ku Oklahoma, kenako kumalo oyesera mankhwala, mpaka anthu atachita phokoso ndi pomwe anakathera pafamu yosungira nyama ku Texas, komwe anafera mu 2000.

Amene anapulumuka chimphepo chimenechi ndi amene anamanga mayeso awo Hans ali m'maganizo. Louis Herman ku Hawaii anaphunzitsa dolfini wotchedwa Akeakamai malamulo operekedwa ndi manja. Wopereka lamulo ankavala magalasi otseka maso kotheratu kuti asalondolere nyamayo ndi diso, ndipo woweruza zimene yachita anali munthu wina amene sanaone lamulolo. Herman ankatembenuzanso dongosolo la zizindikiro. Kutengera mpira ku dengu ndi kutengera dengu ku mpira kuli ndi mawu ofanana, tanthauzo losiyana, ndipo Akeakamai ankasiyanitsa ngakhale pa malamulo amene sanawaonepo. Kanzi, bonobo (nyama yofanana kwambiri ndi chimpanzi) wobadwa mu 1980 amene Sue Savage-Rumbaugh anagwira naye ntchito, poyamba palibe anamuphunzitsa. Ankangosewera pafupi pamene Matata, amene ankamulera, ankavutika ndi maphunziro a zizindikiro za pa bolodi. Matata atachotsedwa kwa kanthawi, Kanzi anayamba kugwiritsa ntchito bolodiyo yekha. Lipoti la 1993 linamuyerekeza ndi mwana wa zaka ziwiri pa ziganizo zachingerezi zachilendo 660, zambiri zolankhulidwa ndi munthu wobisika kuseri kwa galasi loonera mbali imodzi. Kanzi anakhoza 72 pa 100, mwanayo 66. Patapita zaka, katswiri wa zinenero Robert Truswell anapenda zimene Kanzi analakwitsa n'kupeza kuti akauzidwa kutenga zinthu ziwiri zolumikizidwa m'chiganizo chimodzi, kawirikawiri ankatenga chimodzi chokha. Umboni wotere ndi umene ndimaukhulupirira, chifukwa umaonetsa pamene luso layambira ndi pamene lathera.

Alex, chinkhwe amene Irene Pepperberg anagula m'sitolo ya ziweto ku Chicago mu 1977, ankatha kunena chimene chikufanana kapena kusiyana pa zinthu ziwiri, kaya mtundu, kaya maonekedwe, kaya chimene zapangidwa nacho. Juliane Kaminski poyesa galu Rico mu 2004 anaika zidole m'chipinda china, mwini wake atakhala kwina osaziona. Rico ankadziwa mayina pafupifupi 200, ndipo akamva dzina lachilendo ankabweretsa chidole chachilendo. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti kumva n'kochuluka, kulankhula n'kochepa, ndipo zambiri zimene achimpanzi ndi abonobo ankanena okha zinali zopempha.

Kulephera mayeso nako kumanamiza, ndipo apa ndi pamene okayika amagwa. Gordon Gallup mu 1970 anagoneka achimpanzi ndi mankhwala n'kuwapaka utoto wofiira wopanda fungo pamwamba pa diso ndi pakhutu. Atadzuka n'kudziona pagalasi anayamba kukhudza malo opakidwawo. Njovu zinkawerengedwa m'gulu la zolephera mayesowa mpaka mu 2006, pamene ofufuza ku Bronx Zoo anaika galasi la mamita pafupifupi awiri ndi theka mbali zonse, loti njovu ingathe kulikhudza ndi kusuzumira kuseri kwake. Imodzi mwa zitatu, Happy, inakhudza mobwerezabwereza chizindikiro cha pamutu pake. Nkhani ya ndodo ndi chimodzimodzi. Njovu zinkakana kukokera chipatso ndi ndodo, chinthu chimene Sultan, chimpanzi wa wofufuza Wolfgang Köhler pachilumba cha Tenerife, ankachita. Koma chitamba ndi mphuno, ndipo mukachigwiritsa ndodo mwatseka njira imene njovu imapezera chakudya. Kandula wa ku National Zoo mumzinda wa Washington atapatsidwa bokosi lolimba, analikankhira pansi pa chipatso chopachikidwa n'kupondapo.

Mbali imene inabala zipatso zokhalitsa ndi ya ofufuza amene anasiya kuphunzitsa nyama chinenero chathu n'kupita kukamvera chawo. Karl von Frisch ananena kuti njuchi yopeza maluwa ikabwerera mumng'oma imavina pa chisa choimirira, ndipo kavinidweko kamauza zinzake njira. Imathamanga mzere wowongoka ikugwedeza mimba, kuzungulira, n'kubwerezanso. Mzerewo ukaloza m'mwamba, chakudya chili mbali ya kudzuwa. Ukapendekera madigiri 40 kumanja, chakudya chili madigiri 40 kumanja kwa dzuwa, ndipo kutalika kwa nthawi yogwedeza kumasonyeza mtunda. M'zaka za m'ma 1960 Adrian Wenner anatsutsa. Kuvina kulipodi, koma ndani watsimikiza kuti zinzakezo zimakutsata? Mwina zimangolondola fungo. Linali funso labwino ngakhale linamudanitsa ndi ambiri, ndipo von Frisch analandira mphotho ya Nobel mu 1973 lisanayankhidwe mokwanira.

James Gould mu 1975 anapeza njira yochititsa njuchi kunena bodza. Njuchi ili ndi timaso titatu pamwamba pa mutu tothandiza kumva kuwala. Mukaika nyali yowala pa chisa, njuchi zimaiyesa dzuwa n'kumayeza kavinidwe kuchokera pa nyaliyo m'malo mwa m'mwamba. Gould anapaka utoto timaso ta njuchi zovina zokha, motero izo zinapitiriza kuvina poyeza m'mwamba pomwe zoonerera zinkawerenga poyeza nyali. Zikanakhala zotsata fungo lokha, bwenzi zitafika pa chakudya chenicheni. Zambiri zinapita kumene kuvina kosokonezedwako kunaloza. Mu 2005 ofufuza a ku Rothamsted ku England anamata timawaya pamsana pa njuchi n'kuzitsata ndi rada. Zinauluka molunjika kumene kuvina kunanena, ndipo zitafika pafupi zinayamba kuzungulirazungulira, pomwe fungo ndi maso zimagwira ntchito. Wenner analakwa pa chachikulu n'kulondola pa chaching'ono, koma popanda makani ake mayeso a Gould sakanakonzedwa.

Ku Amboseli m'dziko la Kenya, Thomas Struhsaker analemba mu 1967 kuti apusi ali ndi kulira kosiyana kochenjeza za nyalugwe, za chiwombankhanga ndi za njoka. Wokayika akanati apusiwo amathawa chifukwa aona mdaniyo ndi maso awo, kapena aona mnzawo akuthawa. Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anajambula kulirako, kubisa sipika m'tchire, kudikira nthawi yopanda mdani aliyense, n'kuliza kwinaku kamera ikujambula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yotere imadya masiku. Atamva kulira kwa nyalugwe apusi anakwera m'mitengo, kwa chiwombankhanga anayang'ana kumwamba ena n'kulowa m'zitsamba, kwa njoka anaima ndi miyendo iwiri n'kuyang'ana pansi. Zotsatira zinatuluka mu 1980, chaka chomwe chija cha msonkhano wa ku New York. Ubwino wa sipika ndi wakuti ilibe nkhope, siiwerama, ndipo siilakalaka yankho lililonse.

Chitsanzo chimene ndimachiika pamwamba pa zonse ndi cha mbalame yakuthengo imene palibe anaiweta kapena kuipatsa maphunziro, mbalame yolondolera anthu ku njuchi, imene Ayao amaitcha sego. Imadya phula, koma siitha kuswa mtengo kapena kulimbana ndi mbola. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi utsi, koma sadziwa kumene njuchi zamanga. Asayansi ena ankaziyesa nthano za alenje, mpaka mu 1989 pamene Hussein Isack ndi Heinz-Ulrich Reyer anasonyeza kuti pakati pa Aborana a kumpoto kwa Kenya nthawi yofunafuna njuchi m'dera lachilendo inkatsika kuchoka pa maola 8.9 kufika pa 3.2 mbalameyi ikatsogolera. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake, pogwira ntchito ndi ofula uchi achiyao m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique, anafunsa za mbali inayo: kodi mbalameyo imamva munthu? Ofula uchiwo ali ndi kaitanidwe kawo komveka ngati brrr-hm. Ofufuza anayenda maulendo 72 a mphindi 15, sipika ikuliza mobwereza amodzi mwa mawu atatu pa mphamvu yofanana: kaitanidweko, mawu wamba a munthu, kapena kulira kwa njiwa. Mawu awiri enawo ndiwo mtima wa kafukufukuyu, chifukwa popanda iwo wina akanati mbalame imangobwera ikamva phokoso lililonse. Kaitanidwe kenikeni kanakweza mwayi wolondoleredwa kuchoka pa 33 pa 100 kufika pa 66, ndi mwayi wopeza njuchi kuchoka pa pafupifupi 17 kufika pa 54. Mu 2023 Spottiswoode ndi Brian Wood analiza mluzu wa Ahadza a ku Tanzania ndi kaitanidwe ka Ayao m'madera onse awiri, ndipo mbalame za dera lililonse zinalabadira kwambiri mawu a anthu a kwawo. Ndiye kuti mbalamezi zimaphunzira kaitanidwe ka kumene zakulira. Pano palibe galamala kapena chiganizo, koma pali uthenga wopita mbali zonse ziwiri, wopindulitsa onse awiri, ndipo unayezedwa m'njira imene aliyense angaibwereze.

Wina asaganize kuti Hans ndi nkhani ya m'mbuyo. Mu 2011 Lisa Lit ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Davis anayesa magulu 18 a agalu onunkhiza mankhwala ozunguza bongo ndi mabomba, galu aliyense ali ndi womuyendetsa wake. M'zipinda zinayi munalibe mankhwala kapena bomba lililonse, koma oyendetsawo anauzidwa kuti m'zipinda zina pepala lofiira likusonyeza pamene pabisidwa chinthu. Agaluwo anapereka zizindikiro zabodza 225, ndipo malo a pepala lofiira ndi amene anatchulidwa kwambiri, kuposa ngakhale malo amene anabisapo soseji pofuna kukopa galu. Galu wotere akaloza chikwama cha munthu pabwalo la ndege, zotsatira zake si zamasewera. Mankhwala ake ndi a Pfungst omwe aja: pophunzitsa ndi poyesa, woyendetsa asadziwe pamene pali chinthu, woyang'anira amene ali m'chipindamo asadziwenso, ndipo pakhale zipinda zina zopanda kanthu.

Mafunso omwewa ndi oyenera kufunsa makanema a pa intaneti a agalu oponda mabatani olankhula. Kodi galuyo anaponda kangati tsiku limenelo, ndipo ndi maulendo angati amene anadulidwa mukanemayo? Mwini wake anaima pati? Mabatani akasinthidwa malo, galuyo amatsata mawu kapena malo? Akaponda mabatani atatu osagwirizana, ndani amasankha tanthauzo?

Tsopano kwabwera makompyuta amene akuti adzatimasulira zolankhula za nyama, ndipo ine ndimawaona ngati Hans wamkulu kuposa onse. Pulogalamu yophunzira yokha imagwira chizindikiro chilichonse chimene chikuipatsa yankho lolondola, kaya ndi choyenera kaya ayi. Mu 2019 ofufuza a ku Berlin komweko anasonyeza kuti pulogalamu ina yozindikira hatchi pa zithunzi inkadalira timalemba ta mwini chithunzi tomwe tinali pakona pa zithunzi zambiri za hatchi. Pa mawu a nyama ngozi yake ndi yofanana: kompyuta ingathe kuphunzira phokoso la mphepo ya tsikulo, mtundu wa maikolofoni kapena malo ojambulira, ofufuza n'kumayesa yaphunzira tanthauzo. Njira yodzitetezera ndi kuonetsetsa kuti mawu oyesera asachokere pa tsiku, malo kapena chochitika chomwecho chimene chinapereka mawu ophunzitsira. Gulu lofufuza kulira kwa anamgumi la Project CETI mu 2024 linapenda timagulu ta kugogoda 8,719 ta anamgumi a kufupi ndi chilumba cha Dominica n'kupeza kuti kagogodedwe kake kali ndi dongosolo lochuluka kuposa mmene ankaganizira. Ndi ntchito yabwino, koma kupeza dongosolo m'mawu n'kosiyana ndi kusonyeza kuti womva amachitapo kanthu, monga mmene Wenner anakumbutsira anthu a njuchi.

Chaka chomwecho Michael Pardo ndi anzake anapenda kuitana 469 kwa njovu za ku Samburu ndi ku Amboseli m'dziko la Kenya. Kompyuta inalosera molondola njovu imene ikuitanidwa pa 27.5 pa 100 ya kuitanako, kuposa mmene mwayi wokha ungachitire. Nambala imeneyi payokha sikananditembenuza. Chimene chimandichititsa kutchera khutu n'chakuti anatenga sipika n'kupita kutchire, kukalizira njovu 17 mawu amene poyamba anaitanidwa nawo izo zomwe, ndi mawu a woitana yemweyo opita kwa njovu ina. Zikamva oyambawo zinkayandikira sipika msanga n'kuyankhanso msanga. Njovu 17 n'zochepa, ndipo ofufuzawo sanathe kupatula kachigawo ka mawu komwe kangakhale dzinalo. Kuti nkhani ya mayina a njovu iime, pafunika magulu ena a ofufuza, njovu za m'madera ena, oonera makanema amene sanauzidwe mawu amene analizidwa, ndi masiku ambiri odikira m'galimoto kuti njovu yoyenera ifike pafupi ndi chitsamba chimene mwabisamo sipika.